Shuga wa Bambo Amene Munatibisira

Amayi, ndiyambe ndi mwambo: kodi kumene muliko kukucha bwanji? Ndafunsa chifukwa munandilera choncho, koma yankho ndikulidziwa kale. Muli bwino inu. Mwapuma, palibe akukutukwanani m'mawa, palibe akukugendani ndi kapu. Ife kuno ku Kambuzuma, mumzinda wa Halale, tilipo, koma kalata iyi si yachisangalalo. Ndakwiya nanu, Amayi. Yatha miyezi isanu ndi itatu chimwalirireni inu, ndipo m'malo moti mtima uphwe, ukungowirawira. Akuti malemu sawanenera zoipa. Chabwino, sindikukunenani kwa anthu, ndikuuza inu nomwe.

Ndinene mutu wa nkhani msanga kuti musadabwe kumene ndikupita. Bambo tinatsala pang'ono kuwapha, ine ndi achimwene a Laisoni, ana anu enieni, ndipo tikanawapha tikuganiza kuti tikuwathandiza. Mlandu umenewo wina ndi wathu, koma waukulu ndi wanu. Mpaka lero moyo wawo uli m'manja mwanga m'mawa uliwonse, ndipo iwo sakufuna kuti ukhale m'menemo.

Koma poti munkakonda kumva za pakhomo, imvani kaye. Alamu anga, Mai Tendai, anachira bwino mwezi wa Julayi, mwana wamkazi wonenepa. Achimwene anamutcha Esitere, dzina lanu, koma amayi ake amamuitana Chipo, ndiye mukudziwa kale dzina limene lidzapambane. Chinyanja sadzachidziwa ameneyo. Mkulu wake Tendai yemwe akabwera amangolonjera m'chiyankhulo cha amayi ake kuti "makadii sekuru," Bambo n'kumangomuyang'ana. Rozi wanga akuyenda bwino kusukulu. Masiku ano ana onse akulowa, m'kalasi mwawo adzaza mpaka ena amaphunzirira pansi pa mtengo. Bambo ake a Rozi sanabwerere kuchokera ku Bulawayo kuja, kalata n'kamodzi komwe, ndipo ndasiya kufunsa. Munda wathu wa kuseri kwa njanji ku Lochinvar unatikhumudwitsa. Mvula inadula chimanga chikumasula, chimene chinapirira anthu anathyola chachiwisi, ine ndinakolola zidebe zitatu ndi maungu owerengeka. Makina anu osokera anatenga azakhali a Naphiri monga munanenera. Sanasokerepo ngakhale kansalu, anangowaphimba pabalaza kuti alendo aziona.

Tsiku logawa zovala zanu panali kuseka, chisoni chili pakati. Chitenje chilichonse chimene azakhali ankatambasula chinali ndi mfundo pangodya, ndipo akamasula ankapezamo maswiti awiri kapena atatu, ena atasungunuka n'kumatirira kunsalu. M'thumba la bulauzi yanu yoyera ya Lachinayi munali kapepala ka shuga. Amayi anzanu a mumpingo anati kani mayi wamkulu uja ankabisa maswiti ngati mwana. Ine ndinaseka nawo. Bambo anadzuka n'kulowa m'chipinda, ife tinangoti ndi chisoni.

Mukudziwa kuti ntchito yanga ndi ya tomato ndi repu. Ndinkadzuka m'mamawa, kukwera basi yoyamba kukaoda kumsika waukulu wa Mbare Musika, n'kufika kuno cha m'ma teni. Muli moyo zimenezi sizinkasokoneza munthu, chifukwa kunyumba kunali inu. Mutapita ndinangopitiriza. Ndinkasiya Bambo atadzitsekera m'chipinda, n'kunena ndili pachitseko kuti tiyi ndipanga ndikabwera. Munthu wamkulu kudikira tiyi mpaka teni, ndani anafa nazo?

Zinayamba patangotha milungu iwiri. Ndinawapeza ataima pageti thukuta lili kamukamu, pomwe kunali kuzizira kwa Meyi ndipo ine ndinali nditavala majuzi awiri. Manja ankanjenjemera, maso ali tong'o ngati akuona munthu wina osati ine. Ndisanatule n'komwe dengu anayamba. Amayi, ndikulemberani mawu awo enieni, chifukwa ndawasenza ndekha ndipo ndatopa nawo. Anati ndine hule wobwerera ku ukwati, mwamuna anandithawa chifukwa cha pakamwa panga. Anati ndinabwerera pakhomo pano kudzadikira kuti afe nditenge nyumba. Kenako anati inu munafa ndi mtima chifukwa cha manyazi amene ndinakupatsani. Ananena zonsezi mokuwa, mzere wonse wa nyumba uli pamipanda kumvetsera. Bambo omwe aja, mkulu wa mpingo, amene sanandimenyepo ngakhale kakhofi kamodzi.

Chifukwa cha mantha ndinathamanga kukawapangira tiyi wa shuga wambiri ndi buledi, monga umaponyera galu fupa kuti udutse. Fanizolo n'loipa, koma ndi mmene ndinkamvera. Atamwa anakhala phee, anawodzera pampando, ndipo podzuka anandifunsa mwaulemu kuti kapu imene ili pansiyo waswa ndani. Kapuyo anali atandigenda nayo iwo omwe. Ndinaganiza kuti akundiseka.

Sanali masiku onse. Masiku ena zinkatembenuka. Ankangogona, ludzu losatha, jagi ya madzi kutha ina kutha, maulendo a kuchimbudzi osawerengeka. Masiku amenewo sankatukwana, ankalira. Ankati iwo ndi mtchona wopanda pake, zaka makumi anayi ku Halale popanda choonetsa, anzawo onse amene anabwera nawo wapansi kudzera ku Tete ali m'manda. Ankati tiwaperekeze kwawo ku Dedza akafere kumeneko. Ndinkadzuka osadziwa kuti lero ndipeza bambo uti, wotukwana kapena wolira, ndipo ndinayamba kudana nawo onse awiri.

Ochenjera sanasowe. Oyandikana nafe, omwe aja munkawagawira mchere, anayamba kunong'ona kuti mubhurandaya, dzina limene amatitcha ife ochokera ku Malawi, apenga, mankhwala amene anakhwimira pantchito ayamba kubweza. Azakhali anati ndi mzimu wanu, simunagone bwino chifukwa tinakuikani m'dothi la eni ake. Amayi a mumpingo anabwera kudzapemphera, n'kugwirizana kuti Bambo asale kudya Lachisanu lonse kuti chiwanda chifooke. Lachisanu limenelo anaswa windo la pabalaza ndi ndodo. Ine ndinali ndi nzeru zanga, ndinati ndi kachasu. Ndinkawanunkhiza pakamwa mozemba, ndinafufuza m'maluwa ndi kuseri kwa chimbudzi, botolo osalipeza. Malo amodzi okha sindinafufuze, m'chipinda mwanu, chifukwa munandiphunzitsa nditangotha msinkhu kuti mwana wamkazi saponda m'chipinda cha bambo ake.

Ndiulule changa. Tsiku lina atanditukwana ndinawamana tiyi dala. Ndinati pakamwa potukwana sipamwa tiyi wanga, ndinasenza dengu n'kukakhala pamsika wanga pamphambano mpaka masana. Pobwera ndinawapeza ali gone pakhonde atadzikodzera, m'manja muli theka la nthochi imene Mai Moyo a nyumba ya kuseri anawadyetsa. N'kuti pamenepo ine ndikuganiza kuti ndawaphunzitsa khalidwe. Ndikakumbukira tsiku limenelo ndimafuna kukufukulani kuti mundiyankhe.

Achimwene a Laisoni amabwera Lamlungu lokha kuchokera ku Chitungwiza, atavala suti, ndiye nkhani amaiona mofulumira. Atamva za windo anagamula kuti Bambo apite kumudzi, poti eni ake akupempha. Anati mphepo ya kwawo idzawachiza, ndiponso iwo sangamachite manyazi kuntchito kuti bambo awo ndi amisala. Kumudziko, Amayi, kuli ndani? Mwana wa mng'ono wawo amene tinangomuona pachithunzi, ndipo chipatala chili ulendo wa tsiku lathunthu. Ine ndikanatha kukana. Sindinakane. Ndinasita malaya awo onse, ndinawagulira masokosi atsopano, mumtima ndikuti bola ndipume.

Linali Loweruka la mu Ogasiti, kuli chimphepo chafumbi. Basi ya ku Lusaka inkanyamukira ku Mbare m'mawa kwambiri, ndipo achimwene anati awaperekeza mpaka ku Chipata. Bambo anadzitsekera m'chipinda monga mwa masiku onse, ine n'kumagogoda kuti tichedwa. Sutikesi analongedza okha, sanalole munthu kuigwira. Phala sindinaphike, achimwene anati chakudya tigula kutsogolo. Titafika, basi inali isanabwere, akuti inali ikukonzedwa. Tinakhala pamatumba a anthu kuyambira sikisi mpaka dzuwa kukwera, pakati pa ngolo za kabichi ndi amuna okuwa mayina a mizinda.

Cha m'ma naini ndinaona thukuta lija layamba pamphumi. Ndinakoka achimwene kuti aone okha zimene ndimaona ine. Anaonadi. Bambo anaimirira n'kuwatcha wakuba, mwana wogulitsa bambo ake ngati mbuzi, ndipo ndodo inatera paphewa la suti. Anthu anatizinga, ena akuseka, ena akuti mudhara adhakwa, kunena kuti aledzera. Kenako miyendo inawakana, anagwera pamatumba, mawu osamvekanso, malovu akutsika pachibwano.

Pafupi pamenepo panali mayi wina wogulitsa tiyi ndi mabanzi, wa ku Chipata, amene anamva kuti munthu akutukwana m'chiyankhulo chake. Anakankha anthu, anagwada, anawagwira pamphumi n'kuwanunkhiza pakamwa. Anatifunsa ngati atate athu ali ndi matenda a shuga. Tonse awiri tinayankha pamodzi kuti ayi. Sanatimvere. Anathira shuga wodzaza dzanja m'kapu, anasungunula ndi timadzi, anawatsamiritsa pamwendo pake n'kumawamwetsa pang'onopang'ono ndi supuni, shuga wina akuwapaka m'kamwa ndi chala. Sipanathe nthawi yoti madzi n'kuwira, Bambo anatsegula maso, anayang'ana uku ndi uku, n'kufunsa kumene kuli chipewa chawo.

"Tsegulani sutikesi iyo," anatero mayiyo. "Amuna anga nawonso n'chimodzimodzi. Mupezamo nyeleti za jakisoni."

Achimwene anathyola loko ndi mwala, Bambo akuwaletsa ndi mawu ofooka. Pansi pa Baibulo ndi jekete panali chitini cha mabisiketi. M'katimo munali jakisoni wagalasi, masingano, timabotolo tiwiri ta mankhwala tokulunga m'kansalu konyowa, ndi makhadi atatu a kukiliniki omanga ndi ulusi. Kansaluko ndinakazindikira, kanali ka duku lanu lobiriwira lija. Mayi uja anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Chimkazi chachikulu chonchi, ukhala nawo nyumba imodzi, osadziwa chamene chidwalitsa atate ako?"

Ndinatseka chitinicho. Basi inabwera, inadzaza, inapita, ife tili pomwepo.

Lolemba ndinapita nawo kukiliniki. Sisitala atangoona khadi anamwetulira n'kundifunsa ngati Mai Phiri abwerako ku Malawi. Kani Bambo ankapita okha kukatenga mankhwala, ndipo akafunsidwa za inu ankati mwapita kumudzi kukaona abale. Nditamuuza kuti tinakuikani mu Epulo, sisitala anagwira pakamwa. Anati kwa zaka zisanu ndi zinayi simunaphonye mwezi, munkabwera ndi kabotolo ka mkodzo m'chikwama, ndipo jakisoni munkabaya bwino kuposa manesi ena. Zaka zisanu ndi zinayi, Amayi. Zitatu mwa izo ndinali nditabwerera kale pakhomo pano, ndikugona pabalaza, khoma limodzi lokha pakati pa ine ndi chitinicho.

Anandikhazika pansi n'kundifotokozera ngati mwana wasukulu. Jakisoni uja amatsitsa shuga m'magazi, ndiye munthu akabaya ayenera kudya posachedwa. Akapanda kudya, shuga amatsika kupitirira, mutu umasokonezeka, munthu amatuluka thukuta, amalusa, ndipo akapanda kuthandizidwa amakomoka n'kupitiratu. Akapanda kubaya, shuga amakwera, ndiye ludzu lija, kufooka ndi chisoni. Anawayesanso maso n'kupeza kuti timizere ta pajakisoni sationa. Ndiye kuti miyezi yonseyi ankangopopa mankhwala moyerekeza, lero ambiri mawa ochepa. Nditamuuza za ulendo wa ku Dedza, sisitala anavula magalasi n'kunena kuti timabotolo tiwiri tija tikanatha msanga, ndipo kalata yoyamba yochokera kumudzi ikanakhala ya maliro.

Pobwerera ndinakumbukira zonse, ndipo chilichonse chinkandimenya mbama. Kapoto kaja munkawiritsa m'mamawa n'kulowa nako kuchipinda, munkati ndi madzi a Bambo ometera ndevu. Kamtsuko kaja munkatuluka nako kudzasintha madzi, munkati Bambo amakonda madzi ozizira, kani n'kuti ndi mmene munkasungira mankhwala kuti asatenthedwe. Maswiti a m'zitenje. Masiku aja munkawakodola pakati pa ulaliki n'kutuluka nawo panja, anthu n'kumati banja lokondana. Munali katswiri, Amayi, ndikuvomera. Munanamiza nyumba yonse ndi mpingo wonse osaphethira.

Chimene sindingakukhululukireni ndi cha kuchipatala. Munagona milungu iwiri mukuyankhula bwinobwino, ine ndili pambali panu tsiku ndi tsiku. Munapeza nthawi yonena za makina osokera, za bulangete la Rozi, za nyimbo imene tidzaimbe pokuperekezani, mpaka za mbale ya Mai Moyo imene munali musanabweze. Za Bambo munangoti, "Phala la bambo ako lisamachedwe." Basi. Ine ndinamva ngati mawu a mayi aliyense wokonda mwamuna wake. Mukanawonjezera kuti ali ndi shuga, lilime likanathyoka? Munkakonda kutiuza kuti safunsa anadya phula. Nanga munthu amafunsa bwanji chinthu chimene sakudziwa kuti chilipo?

Musandiuze chifukwa, ndachipeza ndekha. Nthawi ya azungu ija, dokotala wa kufakitale akanadziwa, Bambo akanachotsedwa ntchito, ndipo munthu wobwera akakhala wopanda ntchito ankangodikira kuuzidwa kuti azipita kwawo. Mpaka pamenepo ndikumva. Koma Bambo anapuma ntchito ufulu usanabwere, nyumba iyi ndi yathu, mzinda womwe wasintha dzina. Munkaopanso chiyani? Manyazi basi. Zimene anthu amanena za mwamuna wodwala shuga ndikuzidziwa, ndine wamkulu, ndisazilembe poti ndinu amayi anga. Inu munasankha kusunga ulemu wa amuna anu, moyo wawo n'kuusiya pamphepo. Munkati za kuchipinda sizidutsa pachitseko. Sizinadutsedi, mpaka munatsala pang'ono kupita nazo kumanda, mwini wake n'kutsatira.

Musaganize kuti nkhani inathera kukiliniki. Panafunika munthu wamaso wogwira jakisoni m'mawa uliwonse. Achimwene anati Chitungwiza ndi kutali, ndiponso singano imawachititsa chizungulire. Lamlungu lotsatira anabwera kudzapepesa Bambo atanyamula keke ndi botolo la chakumwa chotsekemera, ndiye muone nokha mmene anamvetsera zimene ndinawafotokozera. Azakhali anati mwana wamkazi kuona ntchafu ya bambo ake ndi malodza, bola tipeze mwamuna wa mumpingo. Bambo anati munthu wakunja akadziwa, bola kufa. Munkati mutu umodzi susenza denga, inu nomwe amene munalisenza nokha zaka zonsezo, ndipo taonani lagwera pamutu umodzinso.

Tinagwirizana chonchi. Ine ndinkawiritsa jakisoni, ndinkapopa mankhwala mpaka pamzere umene sisitala anandisonyeza, n'kuwapatsira pachitseko, iwo n'kutseka n'kudzibaya okha. Phala linkakhala patebulo chitseko chisanatseguke. Ku Mbare ndinasiya kupita, amandiodera Mai Moyo, ndipo tomato amene amandibweretsera ndi amene iwo amukana.

Kutukwana kunatha. Koma mwezi wa Okutobala ludzu lija linabwerera, ndi kulira komwe. Anaonda mpaka lamba anafunika bowo lina. Sisitala atayesa mkodzo anandifunsa ngati ndikupopa bwino mankhwala, ndipo ndinabwera kunyumba ndikudzikayikira. M'mawa wina nditapereka jakisoni sindinachoke pachitseko. Chinali chisanatsekeke bwino, ndipo pampata ndinawaona atakhala pabedi, thalauza lili m'malo mwake, akufinyira mankhwala onse pansi kuseri kwa bedi. Anadikira kanthawi, kenako anatsokomola ngati munthu amene wamaliza ntchito.

Ndinakankha chitseko n'kulowa. Ndili ndi zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo kanali koyamba kuponda m'menemo chithereni msinkhu. Munkanunkhirabe sopo wanu. Bambo anadzidzimuka n'kundiuza kuti ndituluke, ndine mwana wopanda mwambo. Ndinawafunsa kuti anayamba liti kutaya mankhwala. Anayankhula motsitsa, maso ali kukhoma.

"Amayi ako ndi amene ankadziwa pobaya. Ine ndasanduka katundu, Nelia. Ndisiye ndiwatsatire."

Mukuganiza kuti ndinalira n'kuwagwira dzanja? Ayi. Ndinapsa mtima mpaka m'makutu kulira. Ndinawauza kuti ngati akufuna kufa afe, koma osati ndi jakisoni wopopa ine, kuti anthu adzati Nelia anapha bambo ake kuti atenge nyumba, monga iwo omwe analengezera mzere wonse. Ndinawauza kuti ndaika kale kholo limodzi chaka chino, ndipo mphamvu zophikiranso anthu a pamaliro ndilibe. Ndinapita kukawiritsanso jakisoni, ndinapopa mankhwala ena, ndinabwerera n'kugwada patsogolo pawo. Ndinati akweze thalauza okha, apo ayi ndikweza ine.

Anakweza okha, pang'onopang'ono, nkhope ataiphimba ndi chipewa. Ntchafu ya Bambo, Amayi, yoonda, yodzaza timfundo touma ta zaka zonse zija. Ndinatsina khungu monga anandiphunzitsira sisitala palalanje, ndinabaya, ndinazula. Palibe malodza amene anachitika. Ndinatuluka n'kukasanza kuseri kwa nyumba, kenako ndinabwera kudzawapatsa phala.

Azakhali atamva anabwera ndi moto. Anati ndachititsa manyazi mtundu, ndipo anthu akadziwa kuti ndimalowa m'chipinda cha bambo anga m'mawa uliwonse adzanena zimene sindingazilembe pano. Apo ananena zoona, anthu a mzere uno ndikuwadziwa. Ndiye ndinaganiza zoyamba ine kunena. Lachinayi ndinapita kumsonkhano wa amayi, ndinapempha mawu, ndinaimirira pamaso pa anzanu onse. Ndinati a Phiri ali ndi matenda a shuga, amabayidwa jakisoni tsiku lililonse, wobaya ndine, ndipo aliyense akawaona akutuluka thukuta n'kumatukwana ayambe wawapatsa shuga, pemphero lidzabwere pambuyo. Mai Moyo nawo ndinawauza, ndipo kuuza Mai Moyo ndi kuuza Kambuzuma yense. Pobaya ndimasiya chitseko chotsegula, wofuna kusuzumira asuzumire. Chinsinsi chanu cha zaka zisanu ndi zinayi ndinachimaliza masana amodzi, ndipo sindikupepesa.

Bambo sanandiyankhule milungu itatu. Pano amandiyankhula za mvula ndi za pawailesi, koma m'mawa ndikalowa amatembenuzira nkhope kukhoma, ndipo sananenepo zikomo. Thupi labwerera, Lamlungu lapitali anatsogolera pemphero kutchalitchi mawu ali ndi mphamvu. Komabe sindiwasiya okha ndi chitini chija, ndimasunga ine. Sisitala akuti ndisamasunge mumtima mawu aja a pageti, sanali iwo, anali shuga. Ndimafuna kumukhulupirira. Koma shuga anadziwa bwanji za ukwati wanga? Mawu amenewo analipo kale penapake m'nyumba muno, ndipo ndimadzifunsa ngati sankanenedwa m'chipinda chomwe chija, inu mukuvomereza ndi mutu. Funso limenelo simudzandiyankha, ndipo ndi limene limandiwawa kuposa onse.

Ndilekere pomwepa. Ndimakukondani, Amayi, ngakhale dzanja limene likulemba izi likufuna kukugwedezani. Ndikudziwa kuti mwawakonzera kale malo pambali panu, ndipo iwo tsiku lililonse amayang'ana njira ya kumeneko. Dikirani. Malinga ndili ndi maso ndi manja, afune asafune, ndikukulonjezani kuti simuwalandira msanga.

Ndine mwana wanu,
Nelia